Kamera ya IP Ikukana Kugwirizana ndi Pulogalamu Yojambulira: Mafunso ndi Mayankho

Kamera ya pa netiweki, imene ambiri amangoitcha kamera ya IP, ndi kakompyuta kokhala ndi diso. Ili ndi adiresi yake, pasiwedi yake ndi wotchi yake. Ikapanda kuoneka mu pulogalamu yojambulira monga Blue Iris, ZoneMinder, Frigate, Agent DVR kapena Milestone XProtect, anthu amathamangira kuloza chala pulogalamuyo, n'kuichotsa n'kuikanso kachikena, pomwe vuto lili kutsogolo kwenikweni, pa magetsi, pa adiresi kapena pa chilolezo cholowera. Mafunsowa asanjidwa motsata njira imene vidiyo imayenda, kuchokera pa kamera mpaka pa disiki, ndipo ndi bwino kufufuza vuto m'ndondomeko yomweyo.

Kodi kamera iliyonse ingagwire ntchito ndi pulogalamu iliyonse?

Ayi, ndipo funsoli liyenera kufunsidwa musanagule. Pulogalamu yojambulira imafuna kuti kamera itulutse vidiyo yake poyera pa netiweki ya m'nyumba kapena ya mu ofesi, kudzera mu RTSP, ndipo zimaphweka kwambiri ngati kamerayo ili ndi ONVIF. Pali makamera amene anapangidwa kuti azitumiza vidiyo ku maseva a kampani yawo basi, inu n'kumaionera pa foni kudzera mu app ya kampaniyo. Makamera a Ring ndi Blink ndi a mtundu umenewu. Enanso ambiri oyendera batire amagona pofuna kusunga mphamvu, n'kudzuka pokhapokha china chikadutsa, choncho sangapereke vidiyo yosalekeza imene pulogalamu yojambulira imayembekezera. Ngati pa bokosi kapena pa tsamba la wopanga palibe mawu akuti RTSP kapena ONVIF, musaganize kuti angoiwala kulemba.

RTSP ndi ONVIF n'zosiyana bwanji? Si chinthu chimodzi?

Si chimodzi, ndipo kusokoneza ziwirizi kumataitsa nthawi. RTSP ndi njira yopemphera kamera kuti iyambe kutumiza vidiyo. Inakhazikitsidwa mu 1998, ndipo nthawi zambiri imadutsira pa port 554 (port ndi nambala ya khomo limene uthenga umalowera pa chipangizo). ONVIF ndi mgwirizano umene makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa mu 2008 kuti zipangizo za opanga osiyanasiyana zizimvana. Pulogalamu imagwiritsa ntchito ONVIF pofunsa kamera kuti ndi ndani, ili ndi mavidiyo angati, adiresi ya vidiyo iliyonse ndi yotani, komanso ngati imatembenuka. Ikayankhidwa, vidiyo yeniyeniyo imabwerabe ndi RTSP.

Apa pali phindu kwa inu: ONVIF ikakanika, mukhoza kulemba nokha adiresi ya RTSP, kamera n'kujambula bwinobwino. Mungangosowa zina monga kuitembenuza kapena kulandira uthenga woti yaona chinthu.

ONVIF ili ndi magawo otchedwa ma profile. Profile S ndi wakale, wa vidiyo wamba ndi kutembenuza kamera. Profile T ndi watsopano, anabwera mu 2018, ndipo ndi amene amadziwa H.265, njira yatsopano yofinyira vidiyo. Profile G ndi wokhudza zojambulidwa pa khadi la mu kamera momwemo. Kamera yolembedwa kuti ili ndi ONVIF ikhoza kukhala ndi gawo limodzi lokha, ndipo ena otchipa amangolemba dzinalo asanayesedwe n'komwe. Bungwe la ONVIF lili ndi mndandanda wa zipangizo zovomerezeka pa webusaiti yake, umene mungafufuzemo dzina la kamera yanu.

Ndaiyatsa kamera, koma adiresi yake sindikuidziwa. Ndiipeza kuti?

Yambani ndi maso. Pa switch, kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki, pamene mwalowetsa waya payenera kuyaka kanyali, n'kumaphethira. Ngati sikakuyaka, zonse zotsatira n'zopanda ntchito: sinthani waya kapena bowo.

Kakayaka, lowani mu rauta ndi kuona mndandanda wa zipangizo zimene yapatsa adiresi. Kamera ikasowa pamenepo, ndiye kuti mwina inabwera ndi adiresi yokhazikika kuchokera ku fakitale. Makamera ambiri a Hikvision amayambira pa 192.168.1.64, a Dahua pa 192.168.1.108, pomwe a Axis akasowa wowapatsa adiresi ankadziwika ndi 192.168.0.90. Opanga amapereka timapulogalamu tosakira: SADP ya Hikvision, ConfigTool ya Dahua, IP Utility ya Axis. Timeneti timapeza kamera ngakhale adiresi yake isakugwirizana ndi netiweki yanu, bola zonse zili pa switch imodzi.

Adiresi ndaipeza, koma tsamba la kamera silikutseguka mu browser.

Yerekezerani manambala atatu oyambirira. Ngati kompyuta yanu ili pa 192.168.0.20 ndipo kamera ili pa 192.168.1.64, ziwirizi zili pa netiweki zosiyana ngakhale mawaya awo ali moyandikana pa switch imodzi. Sinthani adiresi ya kamera ndi kapulogalamu ka wopanga, kapena ipatseni kompyuta adiresi yongoyembekezera ngati 192.168.1.50, lowani mu kamera, konzani, kenako bwezerani kompyuta mmene inalili.

Makamera awiri atsopano a kampani imodzi mukawalumikiza nthawi imodzi amalimbirana adiresi yomweyo. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: tsamba limatseguka, kenako n'kukana, kapena mukuona chithunzi cha kamera ina. Alumikizeni imodziimodzi.

Adiresi yoyamba ndi 169.254 ikutanthauza kuti kamera inapempha adiresi koma palibe anaiyankha.

Ndikadina batani losakira makamera, pulogalamu siipeza kalikonse.

Kusaka kwa ONVIF kumachitika potumiza uthenga umodzi kwa onse pa UDP port 3702, ndipo uthengawo sudumpha rauta kapena VLAN, chigawo cha netiweki chopatulidwa pachokha. Firewall ya Windows ikhoza kuutsekereza, makamaka netiweki ikalembedwa kuti Public. VPN, njira yotetezeka yolumikizira chipangizo ku netiweki ina, ikayaka pa kompyuta imachitanso zomwezo, chimodzimodzinso pulogalamu yoyendera mu Docker, chida choyendetsera mapulogalamu mopatulidwa, popanda kuikidwa pa netiweki ya host, ndiko kuti ya kompyuta yeniyeniyo.

Musalimbane nako kusakako. Lembani adiresi ya kamera ndi dzanja. Dziwaninso kuti port ya ONVIF siifanana paliponse: makamera ambiri ali pa 80, a Reolink pa 8000, a Tapo pa 2020, ena pa 8080 kapena 8899. Ndipo pa makamera ambiri amakono ONVIF imabwera yozimitsidwa, mpaka mutailola nokha mu settings. Pa Hikvision zakhala choncho kuyambira pa firmware (pulogalamu ya mkati mwa kamera) 5.5.0.

Ndingadziwe bwanji ngati wolakwa ndi kamera kapena pulogalamu?

Ili ndiye funso lofunika kuposa onse pa tsamba lino. Tsekani kaye pulogalamu yojambulira, tsegulani VLC, pulogalamu yaulere yoonerera vidiyo, dinani Ctrl ndi N, n'kulembamo adiresi ya RTSP. Vidiyo ikaoneka mu VLC, kamera ndi netiweki zili bwino, ndipo vuto lili mu pulogalamu. Ikapanda kuoneka, musakhudzenso pulogalamuyo mpaka VLC itaonetsa chithunzi.

Adiresi ya RTSP imayamba mofanana: rtsp://dzina:pasiwedi@adiresi:554 kenako n'kutsatira mchira umene umasiyana malinga ndi wopanga. Nayi ina yodziwika:

Hikvision: /Streaming/Channels/101 ya vidiyo yaikulu, ndipo 102 ya yaing'ono.

Dahua ndi ena ogwiritsa ntchito firmware yake: /cam/realmonitor?channel=1&subtype=0 ndipo subtype=1 ya yaing'ono.

Axis: /axis-media/media.amp

Tapo: /stream1 ndi /stream2

Reolink: /h264Preview_01_main ndi /h264Preview_01_sub

Pa makamera ena zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'zosiyana, choncho koperani mchirawo ndendende. Ngati kamera yanu ilibe dzina lodziwika, pulogalamu yaulere ya ONVIF Device Manager ya pa Windows imaonetsa adiresi ya RTSP pansi pa chithunzi ikangolumikizana ndi kamera. Ozolowera kulemba malamulo pa terminal angagwiritse ntchito ffprobe, imene imanena poyera chimene chachitika. Ikati 401, dzina kapena pasiwedi yakanidwa. Ikati 404, mchira walakwika. Ikati connection refused, RTSP ndi yozimitsidwa kapena port si imeneyo. Ikangokhala chete mpaka nthawi kutha, bwererani ku funso la adiresi.

Pasiwedi ndi yolondola, ndikulowa nayo pa browser, koma pulogalamu ikuti yalakwika.

Pali zifukwa zinayi, ndipo chachitatu n'chimene chimazunza anthu kwambiri.

Choyamba ndi zizindikiro za mu pasiwedi. Mu adiresi ya RTSP, chizindikiro cha @ chimalekanitsa pasiwedi ndi adiresi ya kamera, ndiye pasiwedi yokhala ndi @ imadula adiresiyo pakati. Lembani %40 m'malo mwa @, %23 m'malo mwa #, %2F m'malo mwa /, ndi %3A m'malo mwa timadontho tiwiri (:). Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kungosankha pasiwedi yaitali ya zilembo ndi manambala okha. Kutalika kumateteza kuposa zizindikiro.

Chachiwiri, akaunti imene mumalowera pa browser kapena pa foni mwina si imene ONVIF imafuna. Hikvision imafuna kuti mupange wogwiritsa ntchito wapadera wa ONVIF. Pa Tapo muyenera kupanga Camera Account mu app, yosiyana ndi imelo imene munalembetsera.

Chachitatu ndi wotchi. Pulogalamu ikamadzidziwitsa kwa kamera kudzera mu ONVIF, imaphatikiza pasiwedi ndi nthawi ya pa mphindi imeneyo, pofuna kuti wina asajambule uthengawo n'kudzaugwiritsanso ntchito mawa. Wotchi ya kamera ikasiyana kwambiri ndi ya kompyuta, kamera imakana, ndipo uthenga umene mumaona umangoti pasiwedi yalakwika. Yang'anani tsiku lolembedwa pakona ya chithunzi. Mukaona chaka cha 1970 kapena 2000, mwalipeza vuto. Ikani NTP, njira yotengera nthawi yolondola pa netiweki, mu kamera ndi kusankha chigawo cha nthawi choyenera. Ngati kamera munaitsekera intaneti, ilozeni ku rauta kapena ku kompyuta yojambulira kuti izitenga nthawi kumeneko.

Chachinayi, makamera ambiri amatseka khomo mukalakwitsa pasiwedi kangapo, ena kwa theka la ola. Choipa n'chakuti pulogalamu yojambulira imayesa mobwerezabwereza payokha, ndiye ngati ili ndi pasiwedi yakale imatseketsa kamera inu musanakonze n'komwe. Imitsani kamerayo mu pulogalamu, izimitseni n'kuiyatsanso, kenako lembani pasiwedi yolondola.

VLC ikuonetsa bwino, koma mu pulogalamu muli mdima wokhawokha.

Kawirikawiri ndi nkhani ya mmene kamera imafinyira vidiyo. H.264 inatuluka mu 2003 ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse chimaiwerenga. H.265 ya mu 2013 imadya malo ochepa pa disiki, koma ma browser ena ndi makompyuta akale amalephera kuiseweretsa. Ikani kaye kamera pa H.264. Zikatheka, mukhoza kuyesanso H.265 pambuyo pake.

Zimitsaninso zimene opanga amazitcha H.264+, H.265+ kapena Smart Codec. Vidiyo imapangidwa ndi chithunzi chathunthu, chotchedwa I-frame, kenako zithunzi zotsatira zimangonena zimene zasintha. Pulogalamu singaonetse kalikonse isanalandire chithunzi chathunthucho. Njira zochenjerazi zimatalikitsa mpata wa pakati pa ma I-frame pofuna kusunga malo, ndiye pulogalamu imadikira, n'kutopa, n'kunena kuti palibe vidiyo. Ikani I-frame interval yofanana ndi chiwerengero cha zithunzi za pa sekondi, kapena kuwirikiza kawiri. Kamera ya zithunzi 15 pa sekondi, ikani 15 kapena 30.

Komanso kamera iliyonse ili ndi malire a anthu amene ingawatumizire vidiyo nthawi imodzi. VLC mukaisiya yotsegula, foni ikuonanso, browser nayonso, kamera yotchipa ikhoza kukana wachinayi.

Chithunzi chikumasweka, kuchita imvi kapena kusiya mizukwa munthu akamayenda.

Zidutswa za vidiyo zikutayika panjira. RTSP ikhoza kunyamula vidiyo pa UDP, imene siibwereza chotayika, kapena pa TCP, imene imabwereza. Sankhani TCP mu pulogalamu. Mu ffmpeg, pulogalamu yokonzera vidiyo, ndi mapulogalamu omangidwa pa iyo, lamulo lake ndi -rtsp_transport tcp.

Zikapitirira, kaikirani njira. Waya wa netiweki sayenera kupitirira mamita 100 kuchokera pa switch. Waya wotchipa wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa umataya magetsi ndipo umaduka msanga. Kamutu ka waya kokhala panja kosatetezedwa kamalowa madzi, timano take n'kuchita dzimbiri lobiriwira, ndipo kamera imayamba kudwala nthawi ya mvula yokha. Kunena za Wi-Fi, kamera imodzi kapena ziwiri zingapirire, koma kamera imatumiza usana ndi usiku osapuma, ndipo zingapo pa 2.4 GHz zimalimbirana mpata. Kumene waya ungafike, kokani waya.

Masana ili bwino, koma kukangoda imazima n'kuyakanso yokha.

Imirirani pansi pake dzuwa likamalowa. Mudzamva kaphokoso koti tcha, sefa ya mkati ikusuntha, kenako tinyali tofiira ta infrared, kuwala kothandiza kamera kuona mumdima, tidzayaka mozungulira diso. Pa nthawi imeneyo kamera imakoka magetsi ambiri kuposa masana, ndipo ngati magetsiwo ndi osakwanira imakomoka n'kuyambiranso.

PoE, njira yopatsira kamera magetsi kudzera mu waya wa netiweki, ili ndi milingo. Wa 802.3af wa mu 2003 umatulutsa mawati 15.4 pa bowo, ndipo ofika pa kamera ndi 12.95. Wa 802.3at wa mu 2009 umatulutsa 30, ofika 25.5. Makamera otembenuka ndi okhala ndi chotenthetsera amafuna wachiwiriwu kapena woposa. Onaninso mphamvu ya switch yonse: yokhala ndi mabowo 8 koma mawati 60 okha singapatse bowo lililonse 15.4 nthawi imodzi. Chenjerani ndi passive PoE, imene imangothira magetsi osafunsa kaye chipangizo, ndipo ikhoza kuotcha kamera imene sinapangidwire zimenezo.

Dzulo inkajambula, lero pulogalamu ikuti kamera palibe.

Rauta yaipatsa adiresi ina, makamaka ngati magetsi anazimapo. Mu rauta, mangirirani adiresi imodzi ku nambala ya MAC ya kamerayo, nambala yodziwira chipangizo chilichonse pa netiweki, kapena lembani adiresi yokhazikika mu kamera, kunja kwa manambala amene rauta imagawa.

Makamera anga alowetsedwa kumbuyo kwa NVR, bokosi lojambulira vidiyo ya makamera. Kompyuta siikuwaona.

Mabowo a PoE a kumbuyo kwa NVR ali pa netiweki yakeyake, yobisika kwa zipangizo zina zonse. Mukhoza kusamutsira makamerawo pa switch wamba, kapena kupempha vidiyo kwa NVR yomweyo pogwiritsa ntchito adiresi yake ndi nambala ya channel. Pa NVR ya Hikvision, 101 ndi kamera yoyamba, 201 yachiwiri, 301 yachitatu. Pa Dahua mumangosintha channel=1 kukhala channel=2.

Kompyuta ikutentha, fani ikulira, vidiyo ikuchedwa.

Kusunga vidiyo pa disiki si ntchito yolemetsa. Cholemetsa ndi kuimasula kuti ioneke pa sikirini kapena kuti pulogalamu ifufuzemo zoyenda. N'chifukwa chake kamera imatulutsa mavidiyo awiri. Yaikulu, ya main stream, ipite pa disiki mmene yabwerera, osaifinyanso. Blue Iris imatcha zimenezi direct-to-disc, ZoneMinder imati passthrough. Yaing'ono, ya sub stream, ikhale yoonera pa sikirini ya makamera ambiri ndi yofufuzira zoyenda. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho toposa 8 miliyoni, pomwe cha 640 kwa 360 chili ndi 230,400 tokha. Kusiyana kwa ntchito kuli pamenepo.

Yatsaninso hardware decoding, imene imapereka ntchito yomasula vidiyo ku chigawo chapadera cha kompyuta, ngati purosesa yanu ndi ya Intel yokhala ndi Quick Sync, kapena ngati muli ndi khadi la zithunzi. Ndipo zithunzi 30 pa sekondi si zofunika pa chitetezo. Pa 15 munthu woyenda amaoneka bwinobwino.

Ndigule disiki yaikulu bwanji?

Werengani kuchokera pa bitrate, kuchuluka kwa zimene kamera imatumiza pa sekondi. Kamera ya 4 Mbps imalemba theka la megabyte pa sekondi, zimene ndi magigabyte 43.2 pa tsiku, kapena pafupifupi 1.3 TB pa masiku 30. Makamera anayi otero amafuna zoposa 5 TB pa mwezi. Usiku bitrate imakwera ngati chithunzi chili ndi timadontho tothwanima, choncho siyani malo apadera. Ma disiki ngati WD Purple ndi Seagate SkyHawk anapangidwira kulembedwa kosalekeza. Musasunge vidiyo pa disiki yomwe pali Windows kapena Linux, chifukwa ikadzaza kompyuta yonse imaima.

Chithunzi chilipo koma mawu palibe.

Pa makamera ambiri muyenera kusintha mtundu wa stream kuchoka pa Video kupita pa Video & Audio. Ngati mawu akumveka poonera koma akusowa mu zojambulidwa, sinthani G.711 kukhala AAC, chifukwa fayilo ya MP4 siigwirizana bwino ndi G.711. Musanayatse maikolofoni, fufuzani malamulo a dziko lanu. M'maiko ambiri kujambula mawu a anthu osadziwa kuli ndi malamulo okhwima kuposa kujambula zithunzi.

Kamera yotembenuka ikuonetsa, koma mabatani oitembenuzira sakugwira.

Munailumikiza ndi RTSP yokha. Onjezerani ONVIF, ndipo akaunti yake ikhale ndi udindo wa Operator kapena Administrator.

Usiku wonse foni ikungolira kuti kwadutsa chinthu, koma kulibe munthu.

Tsegulani zojambulidwazo. Nthawi zambiri mudzapeza ulusi umodzi wa kangaude utadutsa patsogolo pa diso, ukuwala mbee chifukwa cha infrared, n'kumagwedezeka ndi mphepo. Tizilombo timatsata kuwala, kangaude amatsata tizilombo. Madontho a mvula, nthambi ndi nyali za magalimoto zimachitanso chimodzimodzi, chifukwa kufufuza kwachikale kumangowerenga timadontho tosintha mtundu.

Pukutani kamera, lembani malire a dera lofunika lokha, ndipo ngati n'kotheka zimitsani infrared ya mu kamera n'kuika nyali ya infrared yapadera patali pang'ono. Makamera atsopano amatha kusiyanitsa munthu ndi galimoto, ndipo pulogalamu ingalandire uthengawo kudzera mu ONVIF events. Frigate imachita ntchito yozindikirayo yokha pa kompyuta. Kamera yoikidwa m'nyumba kuyang'ana kunja kudzera pa galasi la windo siithandiza usiku, infrared imabwerera pa galasipo n'kuichititsa khungu.

Ndikufuna kuonera ndili kutali. Nditsegule port pa rauta?

Musatero. Kamera yoikidwa poyera pa intaneti imapezedwa ndi makina osakasaka amene sagona. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa mu makamera, ma DVR (mabokosi ojambulira vidiyo) ndi ma rauta ochuluka pongoyesa maina ndi mapasiwedi a ku fakitale oposa 60 pang'ono. Pa 21 Okutobala chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinagwiritsidwa ntchito kuukira kampani ya Dyn, ndipo Twitter, Netflix ndi Reddit zinavuta kutseguka kwa anthu ambiri ku America. Eni makamerawo sankadziwa kanthu, chithunzi chinkaoneka monga mwa masiku onse.

Zimitsani UPnP pa kamera ndi pa rauta, popeza imatsegula ma port yokha osakufunsani. Ikani VPN monga WireGuard, kuti foni yanu izilowa kaye pa netiweki ya kunyumba isanafike pa pulogalamu yojambulira. Amene ali ndi rauta yotha kutero aike makamera pa VLAN yawoyawo yopanda njira yopita pa intaneti, n'kulola kompyuta yojambulira yokha kulankhula nawo.

Ndayesa zonsezi. Ndiibwezere mmene inachokera ku fakitale?

Inde, koma lembani kaye adiresi ndi zonse zimene munasintha, ndipo dziwani kuti ikadzuka idzabwerera pa adiresi ya ku fakitale, ONVIF itazimanso. Kabatani kake kamakhala pafupi ndi polowetsa khadi kapena pa mchira wa mawaya, ndipo pa makamera ambiri mumakakanikiza kwa masekondi 10 kapena kupitirira pamene mukuyatsa magetsi. Ngati mukufuna kuika firmware yatsopano, itengeni pa webusaiti ya wopanga, yolembedwa nambala yeniyeni ya kamera yanu ndi chigawo cha dziko chimene inapangidwira, ndipo magetsi asazime ntchitoyo ili mkati. Kamera ikadzuka, iyeseni mu VLC pa waya wamfupi, pa tebulo, musanakwere makwerero kukaipachikanso.